Batire la ndimu ndi zomwe lingatiphunzitse

Amayi anzanga, mwana akabwera kuchokera kusukulu n'kupempha mandimu, misomali ndi waya, musamuthamangitse. Mwina akufuna kupanga batire, ndipo zimatheka ndithu.

Amabaya ndimu ndi msomali wokutidwa ndi zinki, ngati wokhomera malata uja, kenako amabayanso kawaya ka kopa chapambali, ziwirizo osakhudzana. Madzi owawasa a ndimu ali ndi asidi amene amadya zinki pang'onopang'ono. Zinki ikamasungunuka imasiya tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa ma elekitironi. Msomali ndi kopa zikalumikizidwa ndi waya, tinthuti timayenda kulowera ku kopa, ndipo kuyenda kumeneko ndiye magetsi. Ndimu limodzi silifika volt imodzi, koma mandimu anayi olumikizidwa motsatizana, msomali wa ili ku kopa wa linalo, amayatsa kababu kakang'ono ka LED. Nzeruyi ndi yakale: mu 1800 Alessandro Volta wa ku Italy anasanjikiza zinki ndi kopa, pakati n'kuikapo nsalu yonyowa ndi madzi a mchere.

Mabatire wamba a tochi ndi wailesi amagwira ntchito chimodzimodzi. Chitini chake ndi zinki, pakati pali kamtengo ka kaboni kozingidwa ndi ufa wakuda, ndipo batire limodzi limapereka ma volt 1.5. Pamene likugwira ntchito, chitinicho chimadyeka mpaka kubooka. N'chifukwa chake batire lotha limatuluka madzi owononga tochi ndi kuyabwa pakhungu.

Choncho mabatire akatha, achotseni mutochi msanga. Musawaponye pamoto wophikira, pafupi ndi chitsime kapena m'dimba, ndipo ana asawaphwanye kapena kuwanyambita. Mandimu amene mwana wapangira batire asadyedwe, atayidwe.

Chenjerani kwambiri ndi timabatire tophwatalala ngati batani ta m'mawotchi ndi zidole. Mwana akameza kamodzi, kangathe kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Musamusanzitse, ndipo musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala.

Pomaliza, musasokoneze zinki ameneyu ndi mapiritsi a zinki amene timapereka pamodzi ndi ORS kwa mwana wotsegula m'mimba, kwa masiku 10 mpaka 14. Mapiritsiwo anakonzedwa pa mlingo woyenera thupi la mwana. Za m'batire si mankhwala.