Maso a Anthu a ku Nangongwe pa Ntchito ya Apolisi ndi Ndalama Zawo

Mlendo amene wachokera ku Lusaka nalunjika kumwera pa msewu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone, akapitirira Chilanga ndi fakitale yake ya simenti natsika zitunda, amafika m'tauni ya Kafue, imene yagona m'mbali mwa mtsinje umene idatengako dzina lake. Ndipo akafunsa kumene anthu ambiri a m'tauniyo amagona, adzamutchulira Kafue Estates, Shikoswe, Zambia Compound ndi Nangongwe. Tauniyi idakula ndi mafakitale, makamaka ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene idayamba ntchito m'chaka cha 1970, ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Koma chiyambire pamene makina a nsalu adaleka kulira, ndi ntchito za pafakitale ya feteleza zidachepa, mabanja ambiri amadya za pamsika, za m'madimba ndi za mumtsinje, ndipo munthu amene chuma chake chonse chili m'kantini kamodzi ka malata amadziwa bwino mtengo wake wa tulo tamtendere. Nchifukwa chake nkhani ya apolisi ku Nangongwe siyochezera chabe, koma ili pafupi ndi mtima monga nkhani ya ufa ndi ya madzi.

Funso limene tifuna kulisanthula ndi ili: apolisi amene amasunga mtendere m'tauni ya Kafue amayankha kwa yani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yowerenga ndalama zimene amagwiritsa ntchito? Ambiri amayesa kuti popeza khonsolo ndiyo imayang'anira misika, zinyalala ndi misewu ya m'makomboni, ndiye kuti apolisi nawonso ali m'manja mwake. Ku United States zili chomwecho ndithu, pakuti kumeneko matauni ambiri ali ndi apolisi awoawo, ndipo khonsolo ya tauni ndiyo imagamula ndalama zawo pamsonkhano umene nzika iliyonse ikhoza kuimirira ndi kulankhula. Ku England nako, kuyambira 2012, anthu a m'madera ambiri adayamba kusankha pa chisankho munthu woyang'anira apolisi a dera lawo. Koma ku Zambia apolisi ndi a dziko lonse, gulu limodzi la Zambia Police Service, lokhala pansi pa mkulu mmodzi wotchedwa Inspector General, amene amasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo unduna wa za m'dziko ndiwo umawayankhira ku Nyumba ya Malamulo. Alipo apolisi a khonsolo, amene mumawaona pamsika ndi pokwerera basi, koma iwo ntchito yawo ndi ya malamulo ang'onoang'ono a khonsoloyo. Mlandu wa kuba, wa kuvulaza ndi wa kupha si wawo.

Makonzedwe amenewa tidawalandira kwa atsamunda. Northern Rhodesia Police idakhazikitsidwa mu 1911 kuti itumikire boma la azungu, osati kuti imvere anthu a m'midzi. Sukulu ya apolisi ya ku Lilayi, imene mumaipitirira musanafike ku Chilanga, idatsegulidwa dziko lisanalandire ufulu. Ndipo pamene mbendera idasintha mu 1964, chingwe cha ulamuliro chidatsalabe chochokera kumwamba kutsikira pansi. M'zaka za chipani chimodzi, kufikira 1991, sikudali kwapafupi kuti munthu wamba afunse wapolisi chifukwa chimene wachitira kanthu, ndipo mantha a masiku amenewo sadathe m'mitima ya akuluakulu ena kufikira lero.

Tsono tiyeni titsate njira imene ndalama zimayenda. Chaka ndi chaka, kawirikawiri chakumapeto kwa mwezi wa September, nduna ya za chuma imapita ku Nyumba ya Malamulo ndi bajeti ya chaka chotsatira, pamodzi ndi buku lalikulu lotchedwa Yellow Book, m'mene mwalembedwa ndalama za unduna uliwonse. Ndipo apolisi ali ndi mutu wawowawo m'bukumo. Aphungu amakambirana mutuwo navomereza, ndalama zimapita ku likulu la apolisi ku Lusaka, kuchoka kumeneko zimatsikira kwa mkulu wa apolisi wa chigawo, kenaka ku boma la Kafue, ndipo potsiriza, ngati zatsalako, zimafika pa kapolisi kakang'ono ka m'komboni. Chaka chikatha, mkulu wofufuza mabuku a boma, Auditor General, amalondola mmene ndalamazo zayendera, ndipo malamulo aakulu a dziko amamulamula kupereka lipoti lake pasanathe miyezi isanu ndi inayi. Pamenepo komiti ya aphungu yotchedwa Public Accounts Committee imaitana akuluakulu kuti adzafotokoze pamaso pa anthu. Zonsezi nzabwino, ndipo tisazipeputse. Koma zimachitikira kutali, m'chinenero chimene mayi wogulitsa nsomba pamsika sachimva, ndipo m'njira yonseyo munthu wa ku Nangongwe ali ndi pakamwa pamodzi pokha, ndipo ndi pa phungu wake.

Pano ndi pamene ndifuna tikhalepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti khalidwe la wapolisi ndi nkhani ina, ndipo ndalama za polisi ndi nkhani inanso, pamene kunena zoona ziwirizi ndi nkhani imodzi. M'makomboni ambiri a dziko lino mawu akuti "tilibe transport" ndi odziwika kwa aliyense amene adapitako kukadandaula usiku. Ndipo wodandaulayo, pofuna kuti mbala igwidwe isanagulitse katundu, amapisa m'thumba nagula mafuta a galimoto kapena kulipira takisi. Iye amayesa kuti wathandiza, ndipo tsiku limenelo wathandizikadi. Koma taganizirani chimene chachitika. Wapolisi amene mafuta ake agulidwa ndi munthu mmodzi wasanduka wantchito wa munthuyo kwa tsiku limenelo, ndipo mkazi wamasiye amene alibe kwacha yogulira mafuta adzabwerera kwawo mlandu wake usanamveke, ngakhale kuti nayenso amapereka msonkho pa sopo ndi pa mayunitsi a foni. Yohane Mbatizi, pamene asilikali adadza kwa iye kudzafunsa chimene ayenera kuchita, adawalangiza kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, ndi kuti akhutire ndi malipiro awo. Ndipo langizolo nlolungama lero monga lidalili kale. Koma boma limene lituma munthu kukasunga mtendere osamupatsa mafuta, mapepala olembapo ndi nyumba yabwino yogonamo, limuika m'mayesero tsiku ndi tsiku, ndipo lili ndi gawo lake pa tchimolo. Chifukwa chake amene afunsa za bajeti ya apolisi sali mdani wawo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Khomo limene latseguka kwambiri m'zaka zino ndi thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, limene aliyense amalitchula kuti CDF. Kufikira 2021 dera lililonse linkalandira K1.6 miliyoni pachaka. Mu 2022 boma lidakweza ndalamazo kufika K25.7 miliyoni, ndipo zakhala zikukwerabe chaka ndi chaka. Ndalama zimenezi zimasungidwa ndi khonsolo, ndipo maganizo a ntchito zoti zichitike amayambira pansi, m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, amene lamulo la maboma ang'ono la 2019 lidawakhazikitsa, asanakwere ku komiti ya CDF ya dera lonse. Ndi ndalama zomwezi boma lidagula magalimoto a apolisi a madera onse 156 a aphungu amene adalipo pa nthawiyo, ndipo m'madera ambiri zamangira timapolisi ndi nyumba za apolisi. Apa pali chinthu chatsopano chimene tiyenera kuchimvetsa: galimoto yogulidwa ndi ndalama za dera la Kafue ndi ya anthu a ku Kafue, ndipo ngakhale khansala alibe mphamvu yolamula wapolisi kuti amange uje kapena amasule uje, mphamvu imene sitingafune konse kuti akhale nayo, ali ndi ufulu wonse wofunsa pamsonkhano wa khonsolo kuti galimotoyo imagona kuti, imayendera makomboni ati usiku, mafuta ake amachokera m'thumba liti, ndipo ikawonongeka adzaikonza ndani.

Kuyang'anira kwina kumachitikira pa tebulo lenileni la polisi, ndipo nkwa munthu aliyense wodziwa zoyenera zake. Patebulopo pamakhala buku lalikulu lachikuto cholimba, limene apolisi amalitcha OB, m'mene mumalembedwa dandaulo lililonse ndi nthawi yake ndi nambala yake. Wodandaula wanzeru sachoka asanalembe nambalayo pa kapepala, pakuti mlandu wopanda nambala usowa poutsatira. Munthu akamangidwa, asanalowe m'chitokosi amavula lamba ndi nsapato, napereka foni ndi ndalama zake, ndipo zonsezo ziyenera kulembedwa m'buku la katundu wa omangidwa, iye akuona. Lamulo losintha malamulo a apolisi la 1999 lidalamula kuti pakhale wapolisi woyang'anira osungidwa m'chitokosi, woonetsetsa kuti akusungidwa mwaumunthu ndi kuti wodwala alandira mankhwala. Lamulo la kazengedwe ka milandu likuti ngati munthu sangafike kukhoti pasanathe maola 24, ndipo mlandu wake si waukulu, amasulidwe pa belo ya kupolisi. Ndipo belo imeneyi njaulere, monga akuluakulu a polisi eni ake amalengeza kawirikawiri. Ndalama iliyonse yoperekedwa mwalamulo, monga chindapusa cha pamsewu, ili ndi lisiti la boma, ndipo yopanda lisiti sifika m'thumba la dziko.

Nanga wapolisi akalakwira munthu, munthuyo apite kuti? Lamulo lomwelo la 1999 lidakhazikitsa bungwe lomva madandaulo a anthu pa apolisi, ndipo pamene malamulo aakulu a dziko adakonzedwanso mu 2016, bungwelo lidakwezedwa nkukhala Police Public Complaints Commission, yokhala ndi lamulo lakelake la chaka chomwecho. Ntchito yake ndi kulandira madandaulo, kufufuza, makamaka pamene munthu wavulala kapena wafa m'manja mwa apolisi, ndi kupereka malangizo a chilango kwa oyenera kulanga. Pomwepa ndi pamene pali kufooka kwake, pakuti imalangiza koma silanga yokha, ndipo likulu lake lili ku Lusaka, kumene munthu wosauka safika popanda ndalama ya basi. Komabe mabungwe otere akalimba mtima, mawu awo amamveka. Pa 23 December 2020, pamene Nsama Nsama Chipyoka, woimira boma pa milandu, ndi Joseph Kaunda, wotsatira chipani cha UPND, adaphedwa ndi chipolopolo mumzinda wa Lusaka, bungwe la Human Rights Commission lidafufuza, ndipo lidanena poyera kuti imfazo zidachokera kwa apolisi. Bungwe lomwelo lili ndi mphamvu yoyendera zitokosi ndi ndende za dziko lonse, za ku Kafue zomwe. Mlandu suola, amatero akuluakulu. Koma mlandu umene sudalembedwe paliponse, mboni zake zikabalalika, umavuta kuudzutsa.

Anansi athu a ku Malawi adaika m'lamulo lawo la apolisi la 2010 chinthu chimene ndikhulupirira kuti chingathandize ku Kafue: anthu wamba odalirika, osankhidwa m'dera lomwelo, amene amaloledwa kulowa m'zitokosi kukaona mmene omangidwa akusungidwira ndi kulemba zimene aona. Ntchito yotere siifuna ndalama zambiri. Ifuna anthu oopa Mulungu ndi osaopa munthu, ndipo otere sasowa m'mipingo, m'misika ndi pakati pa aphunzitsi opuma ntchito a ku Nangongwe. Ife tili nawo kale magulu a anthu wamba othandiza apolisi kulondera, amene amatchedwa CCPU kapena neighbourhood watch, ndipo ambiri a iwo amagwira ntchito yotamandika, kuyenda usiku wonse m'mphepo ya m'mwezi wa June popanda malipiro. Koma kuthandiza apolisi nkwina, kuwayang'anira nkwinanso. Ndipo magulu ameneŵa nawonso ayenera kuyang'aniridwa, chifukwa munthu wopatsidwa chibonga popanda maphunziro akhoza kusanduka mtolo kwa anthu omwe adamutuma, ndipo ndalama zimene mabanja amasonkha mwezi ndi mwezi za ulonda ziyenera kuwerengedwa poyera pamsonkhano monga ziwerengedwa za mpingo.

M'mwezi wa December 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema adasaina lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira nkhani zosungidwa ndi maofesi a boma, lamulo limene atolankhani ndi mabungwe adalilirira zaka zoposa makumi awiri. Zoona, zilipo zimene apolisi sangaulule, monga za mlandu umene ukufufuzidwa kapena dzina la munthu wowatsina khutu, ndipo munthu wanzeru sangazipemphe. Koma kuchuluka kwa mafuta amene polisi idalandira pa mwezi, chiwerengero cha apolisi otumikira dera, ndi mtengo wa nyumba yomangidwa ndi CDF, si zinsinsi za nkhondo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo a ku Lusaka sadzabwera okha kudzafunsa mafunso ameneŵa m'malo mwa anthu a ku Nangongwe. Komiti ya chitukuko ya wodi ikhoza kulembera kalata mkulu wa polisi ya Kafue, kumupempha mwaulemu kuti azibwera pamsonkhano wa anthu kanayi pachaka, adzafotokoze milandu imene yachuluka, zimene polisi yalandira ndi zimene ikusowa. Mlembi wa komitiyo alembe mayankho ake m'buku, kope lina lipite kwa khansala ndi lina kwa phungu mwezi wa September usanafike, kuti pamene Yellow Book itsegulidwa ku Nyumba ya Malamulo, phunguyo aimirire ali ndi ziwerengero zochokera kwa anthu ake m'manja.