Kuyeza kutalika kwa mtengo osakwera

Anzanga, nonse mwauona bulugamu wouma uja kuseri kwa kalasi ya Fomu 2. Mvula yoyamba imabwera ndi chimphepo. Funso ndi lakuti: atagwa, afika pa malata athu? Palibe angakwere ndi tepi mpaka kunsonga. Koma masamu omwe timawadandaula aja ali ndi yankho.

Lachitatu ine ndi anzanga awiri tinazika ndodo ya mita imodzi, chilili, pamalo osalala. Chithunzithunzi chake chinali masentimita 80, kapena kuti mamita 0.8. Nthawi yomweyo tinayeza chithunzithunzi cha mtengo kuyambira patsinde, n'kupeza mamita 12.

Chinsinsi chili apa: pa nthawi imodzi, dzuwa limawomba ndodo ndi mtengo mopendeka chimodzimodzi. Ndodo ndi chithunzithunzi chake zimapanga triangle yaing'ono, mtengo ndi chake zimapanga yaikulu, koma maonekedwe ndi amodzi. Ndiwo ma similar triangles aja. Chithunzithunzi cha mtengo chaposa cha ndodo kangati? 12 kugawa ndi 0.8 ndi 15. Ndiye mtengonso waposa ndodo ka 15, kutanthauza mamita 15. Kuchoka patsinde kufika pakhoma la kalasi ndi mamita 13 okha. Mwaona nokha. Ahedi tawauza kale.

Nanga trigonometry ikulowa pati? Tan ndi opposite kugawa ndi adjacent. Apa opposite ndi mtengo, adjacent ndi chithunzithunzi. Pa ndodo yathu, 1 kugawa ndi 0.8 ndi 1.25, ndipo angle yomwe tan yake ndi 1.25 ndi pafupifupi madigiri 51. Pa mayeso a MANEB amangotembenuza funso: akupatsani madigiri 51 ndi mamita 12, inu mupeze kutalika. Chulukitsani 12 ndi tan 51°, mupeza mamita 14.8. Kusiyana pang'onoko n'chifukwa chakuti madigiri aja tawafupikitsa.

Malo atatu pomwe ambirife timataya malikisi ndi awa. Choyamba, kusakaniza masentimita ndi mamita: 12 kugawa ndi 80 kukupatsani mtengo wofupikira kuposa pensulo. Chachiwiri, calculator ikhale pa DEG, osati RAD. Iyeseni ndi tan 45°. Ikapanda kupereka 1, yasokonekera. Chachitatu, kuthamangira kuwerengera musanajambule. Jambulani kaye triangle, lembani mbali zomwe mwapatsidwa, kenako sankhani sin, cos kapena tan.

Njirayi si yachilendo. Akuti Thales wa ku Miletus, zaka zoposa 2,500 zapitazo, anayeza ma pyramid a ku Egypt podikira nthawi yomwe chithunzithunzi chake chinafanana ndi msinkhu wake. Pamenepo angle imakhala madigiri 45.

Tsono ntchito nayi: yezani mlongoti wa mbendera pa break. Musachedwe pakati pa kuyeza ndodo ndi mlongoti, dzuwa silidikira munthu. Mayankho anu mulembe papepala lili m'munsimu, tione ngati agwirizane.