Ayisikirimu Wapakhomo: Yambani Mwawiritsa Mkaka

Amayi ena ku Mponela, ku Mvera ndi pa boma la Ntchisi akuyesa kupanga ayisikirimu pakhomo, posakaniza mkaka, shuga ndi ufa wa malambe ochokera ku Salima. Ntchito imeneyi njotamandika, popeza alimi a ng'ombe m'mapiri amenewa akupeza msika pafupi.

Komabe tikufuna kukumbutsa amayiwa kuti firiji siipha majeremusi, imangowagoneka tulo. Mkaka wosawiritsa umapatsira chifuwa chachikulu. Za madzi, sitinaiwale matenda a kolera a mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wiritsani zonse ziwiri.

Magetsi akazima, ayisikirimu n'kusungunuka, musamuumitsenso kuti mukagulitse kwa ana asukulu. Mtayeni, ngakhale shuga wakwera mtengo.