Si ziphuphu zonse zili zaunyamata

Abale anzanga, musanyansidwe, koma pankhope panupo pali alendo. Ndi tizilombo ta miyendo 8 totchedwa Demodex, tapachibale ndi nkhupakupa komanso kachilombo ka mphere. Kamodzi sikafika ngakhale theka la milimita. Timakhala m'timabowo momera ubweya, kumadya mafuta a khungu, usiku n'kumatuluka kukakwerana. Dokotala wa ku Germany, Gustav Simon, anafotokoza bwino za tizilomboti mu 1842. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nato, wosamba ndi wosasamba yemwe.

Vuto limadza tikachulukitsa. Madokotala amati tikaposa 5 pa kachigawo ka khungu ka sentimita imodzi mbali zonse, zinthu zavuta, ndipo odwala rosacea ambiri amapezeka nato tochuluka chonchi. Thupi limayamba kulimbana nato, timitsempha tamagazi timatukuka, nkhope imaotcha, ziphuphu n'kubuka. Pakapita zaka, makamaka kwa abambo, khungu la mphuno limakhuthala n'kuchita mabwinyabwinya. Anthu amvekere, "Kachasu ameneyo!" pamene mwina munthuyo sanaulawepo.

Kodi tizilombo ndi timene timayambitsa nthendayi, kapena timangopeza khungu lodwala kale n'kuswana? Akatswiri akukanganabe. Koma mu 2014 dziko la America linavomereza mafuta opaka a ivermectin pochiza rosacea. Mankhwalawa amapha tizilomboti ndi kuchepetsa kutupa. Ndi ivermectin yemwe uja amagawidwa ngati mapiritsi ku Thyolo ndi ku Mulanje polimbana ndi nthenda ya khungu ndi maso yofala ndi ntchentche zam'mitsinje.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi n'chakuti mabuku ambiri amati rosacea ndi nthenda ya azungu, poti kufiira kumaoneka msanga pakhungu loyera. Pakhungu lathu lakudali kufiirako kumabisala, ndiye munthu amangoti ndi ziphuphu wamba. Akatero amathamangira kumsika kukagula mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafutawa ali ndi steroid, monga clobetasol. Sabata zoyamba nkhope imasalala ndithu, koma chitetezo cha khungu chimafooka, tizilombo tija n'kupeza danga. Mukangosiya kudzola, ziphuphu zimabwerera zitakwiya.

Choncho amayi ndi abambo, ngati nkhope imakuotchani mukakhala padzuwa kapena mukadya tsabola, ndipo ziphuphu sizikutha mutapitirira zaka 30, pitani kuchipatala, chubu chimene mumadzolacho chili m'manja. Ndipo chonde, ivermectin wa ng'ombe musiyireni ng'ombe.