Mayi ndi Njinga Yake Pamsewu Waukulu

Inu mayi amene muli ndi njinga pakhomo, phindu lake mukulidziwa kale. Kuchigayo mumabwerako dzuwa lisanatenthe, ndipo mwana akadwala simudikira minibasi. Tsono kodi n'kwanzeru kuipalasa mumsewu waukulu monga wa M1, moyandikana ndi malole?

M'chaka cha 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi ndi okwera njinga zakapalasa kapena zamoto. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, pamene inu mumadutsa anayi okha. Dalaivala akakuonani mochedwa, mabuleki ake sangakupulumutseni.

Komabe njinga musaitaye. Dziwani pamene pagona ngozi. Poyamba ndi pambali pa lole. Kwathu kuno dalaivala amakhala kudzanja lamanja, inu mumapalasa kumanzere, kumene maso ake safikako bwino. Loleyo ikamakhotera kumanzere, matayala akumbuyo amadula njira kulowera kumene inu muli. Choncho pamphambano musayerekeze kulowa pakati pa lole ndi m'mphepete mwa msewu. Imani kumbuyo kwake, idutse. Ngakhale poongoka, mphepo yake imagwedeza njinga, makamaka ngati mwamanga thumba la chimanga mopingasa pakaliyala.

Ngozi ina tili nayo m'chiuno momwemu. Chitenje cholendewera chimakodwa m'tcheni kapena m'masipoko, tayala n'kuima mwadzidzidzi. Kugwa m'kanjira kakumudzi n'kusupuka bondo chabe, koma kugwa paphula, basi ikubwera m'mbuyo, ndi nkhani ya maliro. Chikwinyeni bwino musanakwere. Mapazi a mwana wokhala pakaliyala nawonso amalowa m'masipoko momwemo. Mumuikire popondera, ndipo avale nsapato.

Za usiku sindizengereza: popanda nyali kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, musalowe mumsewu. Inu mumaona magetsi a galimoto patali n'kumayesa kuti nayenso wakuonani, chonsecho wothwanimidwa ndi magetsi a mnzake saona kanthu. Msika ukachedwa kutha, tsikani, muiyendetse pansi kutali ndi phula. Ndipo kumene kuli njira yafumbi yofika komweko, tsatani imeneyo ngakhale ikhale yozungulira.