Chakudya cha khoswe woweta: cha m'paketi kapena chachiwisi?

Kwa munthu amene anakulira pafupi ndi nkhokwe, kumva kuti kuli anthu oweta makoswe m'nyumba, owagulira chakudya m'sitolo, othamanga nawo kwa dokotala wa ziweto akangoyamba kuyetsemula, ndi nkhani yosalowa msanga m'mutu. Koma ku Britain, ku America, ngakhale ku Joni, n'zozolowereka, ndipo m'bale wathu amene akulera ana kumeneko asadabwe tsiku lina mwana akadzati, "Amayi, mundigulire khoswe." Khoswe wake si wa padenga uja. Ndi wa mtundu wa Rattus norvegicus, umene anthu anayamba kuuweta m'zaka za m'ma 1800, pamene ogwira makoswe a mu London ngati Jack Black ankapatula a maanga okongola n'kumagulitsa kwa anthu olemera. Mu 1976 oweta a ku Britain anakhazikitsa bungwe lawo la National Fancy Rat Society. Kanyama kake n'kochenjera, kamadziwa mawu a mwini wake, kamakwera paphewa n'kugona m'khosi mwa malaya. Koma moyo wake ndi wa zaka ziwiri kapena zitatu basi, moti mwezi umodzi wodya mosayenera ndi gawo lalikulu la moyo wake wonse.

N'chifukwa chake oweta amakangana kwambiri pa nkhani ya mbale. Ena amati khoswe azidya mapeleti, timibulu touma tija topangidwa kufakitale ndi makampani ngati Oxbow, Mazuri kapena Supreme. Ena amati ayi, nyama yakutchire sidya za m'paketi, ipatseni zachiwisi: njere, masamba, zipatso, mtedza, ena mpaka nyama yosaphika ndi dzira losaphika.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, taganizirani za phala la Likuni. Mayi aliyense amene anapitapo kusikelo amalidziwa: chimanga magawo anayi, soya gawo limodzi, zogayidwa pamodzi, ndipo la kufakitale amathiramo mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Silikoma kuposa zakudya zina, koma mwana sangasankhemo. Supuni yoyamba ndi yomaliza n'zofanana. Mwana yemweyo mukamuikira pamphasa mbale ya nyemba, chisoso, kadzira, nthochi ndi chitumbuwa, mwamupatsa magulu onse a zakudya, inde, koma iye atola chitumbuwa ndi nthochi, chisoso n'kuchikankhira kumbali. Mayi aona ngati mwana wadya zakasinthasintha, pamene m'mimba mwalowa ziwiri zokha. Peleti ndi phala la Likuni la khoswe. Tirigu, chimanga, soya, kashiamu, mavitamini, zonse zagayidwa n'kudindidwa kukhala kam'bulu kamodzi, ndipo mbali iliyonse imene khoswe angalume akupezamo zonse.

Pa kusankha, khoswe amaposa mwana aliyense. Muikireni chisakanizo cha njere madzulo, mumuyang'ane. Afika, anunkhiza, alowetsa mphuno mpaka pansi pa mbale, atulutsa njere ya mpendadzuwa. Akhala tsonga, aigwira ndi timanja tiwiri, aitembenuza, aisenda mwaukhondo, khoko n'kugwa pansi lili mbali ziwiri. Abwereranso ina. Za mpendadzuwa zikatha ayamba mtedza, kenaka chimanga. M'mawa mupeza mbale ikadali ndi chakudya, koma zotsalazo ndi zija zosakoma, zimene kawirikawiri ndiye zonyamula mavitamini. Mwini wachifundo aona mbale yachepa, awonjezera zatsopano, khoswe ayambanso mpendadzuwa. Miyezi ingapo ikapita, kanyama kanenepa, kakuoneka ngati kosamalidwa bwino, pamene mafupa ake akusowa zomangira.

Kusamala kwa khoswe pakudya kuli ndi chifukwa chake. Khoswe satha kusanza. Chimene chalowa chalowa, ndiye anaphunzira kulawa pang'ono chakudya chachilendo n'kudikira kuti amve mmene m'mimba muchitire. Chikamupweteka, sadzachikhudzanso. Bennett Galef wa ku yunivesite ya McMaster ku Canada anaonetsa kuti khoswe amanunkhiza pakamwa pa mnzake amene wangodya kumene, n'kuyamba kukonda chimene mnzakeyo wadya. Nzeru zimenezi zimamuteteza ku poizoni wopweteka msanga. Sizimuuza kuti mafuta amuchulukira, chifukwa vuto limeneli silipweteka tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene ine ndimaopera oweta odalira zachiwisi zokhazokha. Njere zambiri zili ndi fosifolasi wochuluka koma kashiamu wochepa. Vitamini D sapezeka kwenikweni m'masamba ndi m'zipatso. Kopa, amene thupi limangomufuna pang'ono, akasowa ubweya wakuda umayamba kutuwa. Zonsezi munthu sangazione poyang'ana mbale yokongola ya karoti, nkhaka ndi maapozi. Khoswe wamkulu amafuna zomanga thupi pafupifupi magawo 14 pa 100 alionse a chakudya chake, mafuta magawo 4 kapena 5, pamene wamng'ono amene akukula ndi wamkazi woyamwitsa amafuna zomanga thupi zofika magawo 18 kapena 20. Manambala amenewa sanangolotedwa. Chiyambire 1908, pamene E. V. McCollum anayamba kusunga makoswe ku Wisconsin kuti afufuze za zakudya, palibe nyama imene mbale yake yayezedwa mobwerezabwereza ngati khoswe. Zambiri zimene tikudziwa lero za mavitamini a anthu zinadziwika poyamba pa khoswe. Choncho wopanga peleti wabwino sachita kuyerekeza, amatsata zimene zinayezedwa kale.

Tsopano mawu akuti "chachiwisi ndiye chachilengedwe" tiwaunike pa phala lomwe lija. Amene anakonzapo phala la soya pakhomo amadziwa kuti soya sapita kuchigayo wosakazinga kapena wosawiritsa. Amayi amati amanunkha ndiponso amatsegula m'mimba, ndipo akunena zoona. Mu 1917 Thomas Osborne ndi Lafayette Mendel ku America anadyetsa makoswe soya wamuwisi ndipo sanakule bwino, koma atawapatsa wophika anakula. Mu soya wamuwisi muli zinthu zimene zimatsekereza thupi kugaya zomanga thupi, ndipo moto ndi umene umazithetsa. Nyemba zouma zosaphika, makamaka zofiira zija, zili ndi poizoni wake amenenso amatha ndi kuwira. Mu 1927 Margaret Boas ku London anaona makoswe odya choyera cha dzira chosaphika akusosoka ubweya ndi kutuluka zilonda pakhungu. Zinadziwika pambuyo pake kuti choyeracho chimamanga vitamini wotchedwa biotin kuti thupi lisamugwiritse ntchito, ndipo dzira likaphikidwa vutolo limatha. Chinangwa chowawa, mbatatesi yobiriwira khungu, nthanga ndi khungu la peyala, zonsezi n'zachilengedwe, koma palibe chimene chiyenera kufika m'khola. Ngakhale makoko a malalanje ndi mandimu ali ndi mafuta amene amawononga impso za khoswe wamwamuna.

Mtedza ndiwo umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa khoswe amaukonda ndipo mwini amasangalala kumuona akuswa chikhokho. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Ofufuza atadyetsa makoswe mtedza womwewo, anatuluka khansa ya m'chiwindi, ndipo umu ndi mmene poizoni wa chuku, aflatoxin, anadziwikira. Ife a kuno chuku timamudziwa, timamuona mu mtedza wosauma bwino ndi m'chimanga chofuka. Kwa kanyama kosafika ndi kilogalamu imodzi yomwe, njere zochepa zachuku n'zambiri. Ndipo poizoni wa chuku sathawa moto, moti kukazinga sikuthandiza kwenikweni. Mtedza wa khoswe ukhale woti inuyo mungadye mosakayika, ndipo ukhale wa apo ndi apo.

Nyama yosaphika ili ndi vuto lina, loti silithera m'khola. Tizilombo ta Salmonella tikalowa mwa khoswe timatulukira m'ndowe, ndowe zili pa utuchi, utuchi uli m'manja mwa mwana amene akusewera naye kenaka n'kukagwira buledi. Komanso khoswe amabisa chakudya. Kachidutswa ka nkhuku yaiwisi kamene mukuyesa kadyedwa mwina kali pansi pa nsanza zogonera, kakuwola. Nkhono za m'dimba nazo zimanyamula nyongolotsi zokhala m'mapapo a makoswe, choncho masamba othyola panja azitsukidwa bwino. Amene amati khoswe wakutchire amadya zonsezi osafa akumbukire kuti ambiri akutchire safika ndi chaka chimodzi chomwe, ndiponso kuti khoswe wa mtundu umenewu wakhala zaka mazanamazana akudya zotsala za anthu, zophika zomwe.

Komabe a zachiwisi ali ndi mfundo imene sindingaikane. Palibe mayi amene angalere mwana ndi phala la Likuni lokha m'mawa, masana ndi madzulo mpaka akule, ngakhale litakhala ndi zonse zofunika. Mwana amafunika kutafuna, kulawa, kudziwa kuwawa kwa mpiru ndi kutsekemera kwa papaya. Khoswe naye kudya ndiye ntchito yake yaikulu, ndiye masewera ake, ndiye sukulu yake. Mu 1963 Glen Jensen anapeza kuti makoswe ophunzitsidwa kudina kachitsulo kuti chakudya chigwe ankapitirizabe kudina ngakhale pambali pali mbale yodzaza ndi chakudya chomwecho chaulere. Amafuna kuchivutikira. Khoswe amene moyo wake wonse amangopeza timibulu tofanana m'mbale imodzimodzi pakona imodzimodzi walandidwa chinthu chachikulu, ngakhale magazi ake atayezedwa n'kupezeka abwino. Ndiponso si peleti aliyense amene ali wabwino. Ena otchipa ndi chimanga ndi zotsekemera basi, ndipo paketi imene yakhalitsa pashelefu kapena yalowa chinyezi mavitamini ake amakhala atachepa.

Ku Britain oweta ambiri amatsata njira ya pakati yotchedwa Shunamite diet, imene Alison Campbell anaifotokoza m'buku lake la The Scuttling Gourmet. Amasakaniza okha njere zosiyanasiyana, zitsamba zouma ndi zomanga thupi pang'ono, n'kuwonjezera kashiamu, kopa ndi vitamini D padera. Njirayi imagwira ntchito, koma taonani chimene ikufuna: sikelo, kuwerengera, ndi mtima wolimba wosawonjezera chakudya mpaka za dzulo zitatha. Imeneyi ndi ntchito ya munthu amene waiphunzira, si ya mwana wasukulu amene wangogulidwa khoswe sabata yatha.

Kwa woyamba kumene, maganizo anga ndi awa. Peleti wabwino wa makoswe akhale maziko, pafupifupi magawo anayi mwa asanu a zonse zimene akudya, ndipo kwa khoswe wamkulu magalamu 15 mpaka 20 a chakudya chouma pa tsiku amakwana. Musamuikire m'mbale. Mwazani pa utuchi, bisani m'kabokosi, kulungani m'pepala, afufuze yekha usiku, pakuti ndi nthawi imene amakhala maso. Gawo lotsalalo likhale zatsopano, ndipo apa zachiwisi zili ndi malo ake: nsawawa, karoti, nkhaka, burokoli, repu, kachidutswa ka apozi kopanda njere. Ikani nsawawa m'kabeseni ka madzi osaya, muone mmene amaviikira timanja, kuvuula imodzi, kusenda kakhungu n'kudya zam'kati zokha. Dzira lowiritsa kamodzi pa sabata, mwina ndi chikhokho chake chomwe kuti aswe yekha, ndi fupa la nkhuku yophika loti akukute, n'zokwanira pa za nyama. Mano ake akutsogolo amakula mamilimita 2 kapena 3 pa sabata moyo wake wonse, ndipo ngakhale amawanola powakukutiza okhaokha, chinthu cholimba chotafuna chimamusangalatsa.

Amene ali kumene peleti wa makoswe sapezeka asathamangire thumba la ziweto zina. La akalulu ladzaza udzu umene khoswe sagaya bwino. La nkhuku zoikira lili ndi kashiamu wopangira chikhokho cha dzira, wochuluka kwambiri kwa impso za khoswe. Amene anawetapo mbira asaganizenso kuti malamulo ake ndi amodzi: mbira imadalira masamba kuti ipeze vitamini C, pamene khoswe amadzipangira yekha m'chiwindi. Ndipo mukamuona akudya zina mwa ndowe zake musamuletse, akutengamo mavitamini amene tizilombo ta m'matumbo mwake tapanga.

Limodzi mwa mavuto amene amapha makoswe oweta ambiri msanga, kaya adye za m'paketi kaya zachiwisi, ndi kunenepa. Mu 1935 Clive McCay ku Cornell anaonetsa kuti makoswe ochepetsedwa chakudya, koma osasowa mavitamini, ankakhala moyo wautali kuposa odya mmene afunira. Khoswe wonenepa amatuluka zotupa msanga, makamaka wamkazi, ndipo impso za wamwamuna zimatopa asanakalambe. Choncho sikelo ya kukhitchini ikhale pafupi ndi khola. Muikeni m'kambale kamodzi pa sabata, mulembe kulemera kwake. Akamakwera atasiya kale kukula, chepetsani mpendadzuwa ndi mtedza poyamba. Akamatsika popanda chifukwa, kapena akayamba kusiya zolimba n'kumangofuna zofewa, muyang'aneni mano ndipo mupite naye kwa dokotala wa ziweto sabata yomweyo.