Kodi Anthu a Mawa Tidzawaveka Chiyani? Mawu kwa Ojambula a kwa Kaluluma

Aliyense amene anatsegulapo kope la mwana wa sukulu wa ku Nkhamenya, kapena wa m'mudzi wina uliwonse wa kwa Mfumu Kaluluma kumpoto kwa boma la Kasungu, nasanthula masamba akumapeto kumene diso la mphunzitsi silifikako kawirikawiri, adziwa kuti kumeneko kumakhala mtundu wa anthu umene sunabadwe: amuna a zisoti zachitsulo, akazi ouluka pakati pa nyenyezi, ndi zimphona za maso amoto, zonse zochokera m'mafilimu oonetsedwa pamsika. Kujambulanso ngwazi za m'nthano zimene munthu wazikonda ndi chizolowezi cha achinyamata a dziko lonse lapansi, ndipo mulibe choipa m'menemo, pakuti dzanja limakhwima potsanzira. Chimene chimandilasa mtima n'chakuti mwana yemweyo, akafuna kulenga ngwazi yakeyake ya m'zaka mazana asanu zikudzazo, amaiveka malaya a Iron Man kapena a ankhondo a Star Wars, ngati kuti tsogolo linasokedwa kale ku America, ndipo ife chatitsalira n'kungolisankha pa mulu wa kaunjika.

Malemba amatikumbutsa za Davide, amene atavekedwa zida za Mfumu Sauli analephera kuyenda nazo, nazivula, natola miyala ya mumtsinje imene dzanja lake linaizolowera. Mayi Ruth E. Carter, amene anakonza zovala za filimu ya Black Panther ya 2018, anachita chimodzimodzi. Pofuna kuveka anthu a dziko lopeka la Wakanda, iwo anatenga mabulangete a Abasotho, mphete za m'khosi za Andebele, mikanda ya Amasai ndi chipewa cha akazi okwatiwa a Chizulu, nazisandutsa zovala za mtundu wa anthu odziwa sayansi koposa mitundu yonse. Ndipo mu 2019 analandira mphoto ya Oscar, nakhala munthu wakuda woyamba kuilandira pa luso limeneli. Pafupi ndi ife, Malenga Mulendema wa ku Zambia analenga Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi opulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo, imene inaonetsedwa pa Netflix mu 2023. Kwathu kuno Shadreck Chikoti analemba buku la Azotus the Kingdom, lonena za Afirika wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo anthu a m'bukumo ndi oyenera kuti wojambula wa kwawo awaveke.

Komabe aphunzitsi enieni a luso limeneli sali kutali. Dera la Kaluluma lili pamene Achewa ndi Atumbuka amapatsana moto, ndipo magule aakulu a mitundu iwiriyi, Gule Wamkulu ndi Vimbuza, onse analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Sindidzalowa kudambwe ndi cholembera changa, pakuti za kumeneko zili ndi eni ake. Ndinena zokhazo zimene mayi ndi mwana amaziona pabwalo. Kasiyamaliro, ngakhale atulukire mu mdima kapena m'fumbi la chilimwe, amadziwika ndi msana ndi nyanga zake munthu asanaone china chilichonse. Makanja amadziwika ndi msinkhu wake wopitirira denga la nyumba. Simoni, wa nkhope yofiira ngati ya mzungu wopsa ndi dzuwa, amanena mbiri yonse ya kudza kwa alendo asanaponye n'komwe phazi. Makolo athu, ataona galimoto ndi ndege, sanaope kuzilowetsa m'bwalo, koma anazipatsa thupi la udzu, makoko a chimanga, mlaza ndi nsanza, nazivinitsa pa ng'oma zawo. Wofuna kuona kuya kwa nzeru imeneyi apite ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, ndi kumene nyumba ya Chamare imasunga nkhope za gule mazanamazana.

Apa ndiyenera kuchenjeza, ndipo ndichenjeza ndi mtima wonse. Chilombo si chidole, ndipo mnyamata amene angakope nkhope ya Chadzunda n'kuiika pa msilikali wa kumwezi kuti anzake amuyamikire pa Facebook, wanyoza mizimu ya eni mudzi. Chimene atenge ndicho nzeru ya kavekedwe: kuti chovala chidziwike ndi mthunzi wake wokha, kuti chipangidwe ndi zimene nthaka ya mwini wake imabala, ndi kuti chiyende pamodzi ndi thupi, monga ulusi wa khonje umakulitsira kugwedezeka kwa chiuno cha wovina. Pa zotsalazo afunse akuluakulu.

Tsono tiyeni titenge munthu mmodzi, timuveke. Akhale mayi wolima fodya m'zigwa za Kasungu m'chaka cha 2525, ngati fodya adzakhala akulimidwabe. Wojambula wosaganiza adzam'patsa chifuwa chachitsulo ndi nsapato zazitali zidendene. Koma wobadwira pakati pa zigafa adziwa kuti mdani wa mayi ameneyu sali ndi mfuti. Mdani wake ndi chikonga, chimene chimalowa pakhungu munthu akamathyola fodya wonyowa ndi mame, n'kumudzetsera chizungulire, mutu ndi nseru. Bungwe la Plan linalengeza mu 2009 kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ya m'Malawi amatha kulandira m'thupi chikonga chofika mamiligalamu 54 pa tsiku, chofanana ndi cha ndudu 50. Chifukwa chake chovala cha mayiyu chiyambire m'manja ndi m'mikono, chikhale chosalowa mame koma chopitisa mphepo, pakuti iye amathyola m'nyengo ya mvula ndi chifundizi. Chipewa chake chikhale chotambalala, chokolola mphamvu ya dzuwa pamwamba pake; chofunda chake cha m'mwezi wa Juni, pamene mwera umaluma, chikumbukire ulusi wa chiguduli chimene makolo ake akale ankakutira mabelo opita ku okushoni ya ku Chinkhoma; ndipo chitenje chisachoke m'chiuno mwake, chifukwa nsalu imene yabereka ana, yasenza ufa ndi kuphimba maliro kwa mibadwo yonseyi siidzatha msanga monga ena aganizira.

Wina adzati zotere n'zaumphawi, zosayenera dziko la makina. Ameneyo akumbukire William Kamkwamba wa ku Masitala kwa Wimbe, m'boma lomweli, amene ali mnyamata wa zaka 14 anamanga makina a mphepo opanga magetsi ndi mitengo ya bulugamu, njinga yakale ndi chokupizira cha thirakitala. Amene anaona chithunzi cha nsanja ya makinawo adziwa kuti makina obadwira ku Kasungu ali ndi maonekedwe awoawo, a mawaya omanga ndi dzanja ndi zitsulo zopatsidwa moyo wachiwiri. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Zida za ntchito yojambulayi n'zochepa: pensulo, bolopeni, khala la pamoto ndi pepala. Wojambula amuonetse munthu wake kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo, alembe pambali dzina la nsalu iliyonse ndi ntchito yake, kenaka atengere pepalalo kwa telala wa pakhonde la sitolo ku Nkhamenya. Telalayo, amene wasoka mayunifolomu ndi madiresi a ukwati kwa zaka zambiri, adzaloza ndi chala pamene msoko ungang'ambike mayi uja akawerama pa mzere, ndi pamene thumba liyenera kukhala kuti dzanja lilipeze mosavuta.